Chitamando cha a Jumbo, Alonda a Makalavati a Mzuzu

Mwa onse amene amatumikira mzinda wa Mzuzu popanda malipiro ndiponso popanda tchuthi, palibe amene anyozedwa kopambana a Jumbo, kathumba kopyapyala kaja kamene amayi a pamsika amatiikiramo tomato ndi usipa. Ndipo popeza boma lidawaweruza kale m'chaka cha 2015 poletsa mapulasitiki opyapyala, bwalo lalikulu la apilo nkutsimikiza chiweruzocho mu 2019, ndayesa nkoyenera kuti munthu mmodzi aimirire pabwalo ndi kunenera zabwino opalamulawa, amene, monga tonse tikuonera ndi maso, akali moyo ndipo akubalana.

Taonani ntchito yawo. Mose adadalira ndodo ndi mphepo ya kum'mawa usiku wonse kuti nyanja igawike. Yoswa adadalira ansembe ndi likasa la chipangano kuti Yordano aime. Koma a Jumbo, amene kamphepo ka masana kamawakweza pa waya wa magetsi, amangopeza kamtengo kopingasa pakamwa pa kalavati, nakakamira pomwepo, naitana abale awo, ndiwo botolo la pulasitiki, thewera la mwana, chitsononkho, ndi patapata wamasiye amene mnzake adatsogola chaka chatha. Ndipo mvula ya Epulo isanaleke kulira pa malata, madzi aima, atembenuka, alowa m'nyumba za ku Chibavi osaodira, kukaona ngati thumba la ufa lidaikidwa pamwamba.

Anzeru a kutsidya kwa nyanja adavutika nazo zaka zambiri nkhani zimenezi. Osborne Reynolds, ku Manchester mu 1883, adathira utoto m'madzi oyenda m'paipi yagalasi, naona kuti madziwo akamayenda mofatsa utoto umatsata mzere woongoka, koma akathamanga umabalalika nuzungulirazungulira, ndipo m'kuzungulirako madzi amataya mphamvu yawo. Robert Manning wa ku Ireland adatulutsa mu 1889 masamu amene akatswiri omanga ngalande akali kuwagwiritsa ntchito, m'mene njira iliyonse ya madzi imapatsidwa nambala ya kukhakhala kwake: ngalande yosalala ya simenti pafupifupi 0.013, mtsinje woongoka wopanda zopinga 0.030, wodzala udzu ndi zitsamba 0.100. Nambala ikakula liwiro limachepa. Ndipo popeza madzi amene agwa kumtunda sangabwerere kumitambo, akalephera kuthamanga amakwera. Azungu awiriwa adamwalira asanawaone a Jumbo, apo ayi akadang'amba mabuku awo. Pakuti kuzungulira kumene Reynolds adakufunira galasi ndi utoto, mwana aliyense wa ku Chiputula amakuonerera mwaulere pamlatho, patapata uja akuvina m'thovu osapita chitsogolo kapena kubwerera.

Musayese kuti a Jumbo adalanda udindowu. Adaupeza wopanda mwini. Kale ntchito yochedwetsa madzi inali ya dambo, bango, mizu ya mitengo ndi miyala. Ndipo Lunyangwa, mtsinje wathu, potsika ku nkhalango ya Kaning'ina kunka ku Kasitu, kuti akafike kunyanja kudzera mu Rukuru, ankapereka msonkho wake pang'onopang'ono pa gombe lililonse. Ife tidadula bango, tidaumba njerwa m'dambo, tidaotcha njerwazo ndi mitengo ya m'phiri, tidamanga pomwe padali chithaphwi, tidafolera malata amene samwa dontho ngakhale limodzi. Tsono msonkho wonse umene unkatoledwa mtunda wautali a Jumbo amautolera pakhomo limodzi, tsiku limodzi, usiku pakati. Madzi saiwala khwawa, ndipo amene adagona m'matchalitchi ndi m'masukulu pa chigumula cha Epulo 2016 sasowa wowaphunzitsa mwambiwu.

Ndisaiwale kuthokoza owathandiza. Alipo anansi athu ena, anthu aulemu, osaphonya mapemphero, amene mitambo ikangoda amatuma mwana ndi ndowa ya zinyalala kungalande, nati mvula itenga. Imatengadi, bambo, imakatula kwa mlamu wanu kumunsi, amene m'mawa mwake mumakamupepesa mutavala jombo. Aliponso mabwana aja amene amafika madzi ataphwa, natsika m'galimoto mosamala nsapato, naloza kalavati ndi chala, najambulitsa, nalonjeza komiti.

Koma mwambo umene ndimaukonda koposa umachitika sabata yotsatira. Anyamata aganyu amabwera ndi mafosholo, navuula a Jumbo ndi mtundu wawo wonse, nawaunjika mwaulemu m'mphepete mwenimweni mwa ngalandeyo kudikira galimoto yodzatenga, imene akuti ilibe mafuta. Pamenepo alonda athu amaothera dzuwa masiku angapo, nkhuku zikuwapalasa, agalu akuwayendera. Ndipo mvula yotsatira ikagwa amatsetsereka mmodzimmodzi kubwerera kuntchito, pa kalavati yomweyo, atapumula bwino.