Chopereka Chokanira Chopereka

Pamsika wa Nambuma nkhani ya ndalama siyamba ndi ndalama. Imayamba ndi pemphero, kulonjera mafumu ndi kuthokoza a wapampando, moti pofika pa mtengo weniweniwo ena amakhala atathamangira kale kukaingitsa mbuzi pa tomato.

Ndi mmene zinayendera itamveka mphekesera yakuti pamwamba pa chiphaso cha tsiku ndi tsiku pabwera kamsonkho kapadera komangira chimbudzi. Mayi wa usipa ananyuta, nafunsa: "Pepani akuluakulu, nanga ziphaso tadula zaka zonsezi zinamanga chiyani?" Anthu anaomba m'manja kwambiri. Kwathu kuno funso likakhala labwino saliyankha, amaliombera m'manja.

Anaimirira aphunzitsi opuma, aja sasiyana ndi nyuzipepala m'khwapa. Anati lamulo la maboma aang'ono la 1998 limalola khonsolo kupanga malamulo ake ndi kutolera ndalama m'misika, koma nzika nazo zili ndi ufulu wolemba chikalata cha madandaulo. Anakumbutsanso kuti kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linalibe makhansala.

"Zoona, aphunzitsi?" anadabwa mkulu wa chiwaya. "Ife sitinaone kusiyana. Wodula ziphaso sanajombeko ndi tsiku limodzi lomwe."

Pomwepo panasankhidwa komiti ya chikalata: wapampando, wachiwiri, mlembi ndi msungichuma, chumacho chisanaoneke n'komwe.

Lolemba komiti inalengeza kuti aliyense wodula chiphaso asayine. Lachiwiri lamulo linasintha: asayine okhawo a mabenchi, poti oyala pansi lero ali pano, mawa ali kwa Nsaru. Oyala pansi atakwiya, Lachitatu linasinthanso: asayine aliyense, bola aonetse ziphaso za mwezi wathunthu. Apa panavuta. Za agogo a mtedza zinapita ndi makasitomala zitakulunga mtedzawo, ndipo za mdala wa misomali anazisuta yekha atapichiramo chingambwe.

Osadziwa kulemba adinde chala, inatero komiti, koma inki sagawa ulere, choncho tisonkhe. Chikalata chopanda chidindo cha mfumu n'chipepala wamba, ndipo kwa mfumu sapita chimanjamanja, tisonkhenso. Kenako aphunzitsi anachenjeza kuti nkhani ya chitukuko siidumpha makomiti a VDC ndi ADC, ndipo aliyense akudziwa kuti maganizo a nthumwi samasuka pakhosi pali pouma. Mabanzi ndi Fanta analowa m'kaundula wa msungichuma pa mutu wakuti "zina ndi zina".

Anyamata a kabaza anatopa. "Mabwana, tingoguba basi, tikapereke tokha kwa a DC!" Aphunzitsi anatsokomola, nati lamulo la apolisi la 2010 limafuna kuti ochita zionetsero adziwitse a DC kutatsala maola osachepera 48. Ndiye kuti pafunika kalata yodziwitsa kuti kukubwera kalata, ndi munthu wokaitula kwa a DC. Odzipereka anapezeka anayi, onse a m'komiti, aliyense ndi thiransipoti yake ndi ya nkhomaliro.

"Mutu umodzi susenza denga," anatero a wapampando.

"Koma ili ndi pepala, bambo, si denga," anayankha mayi wa usipa. Anamuomberanso m'manja.

Mwezi utatha msungichuma anawerenga lipoti atavala tayi. Zinadziwika kuti pokana kamsonkho kaja aliyense anali atasonkha kale zoposa kamsonkhoko, ndiponso kuti chikalata sichinanyamuke chifukwa mlembi akudikira ya taipi. Choseketsa china, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaonapo kalata ya khonsolo yonena za msonkhowo. Mwini mphekesera atafufuzidwa, anati naye anangomva m'minibasi.

Madzulo omwewo oyala pansi anakumana kuseri kwa chigayo, nagwirizana zolemba chikalata chokana zopereka za komiti. A wapampando atamva sanakwiye, paja iwo ndi munthu wa demokalase. Anangoti madandaulo otsutsa komiti ndi ololedwa ndithu, malinga alembedwe pa fomu ya komiti, asayinidwe ndi magawo awiri mwa atatu a amalonda onse, ndipo aperekedwe kudzera kwa a wapampando.

"Nanga fomuyo tikaipeza kuti, bambo?"

"Kwa msungichuma, mayi. Musaiwale kachopereka kake."