Mlandu Suwola, Pokhapokha Wolakwayo Akhale ndi Chilumba

Mlandu suwola, anatero akale. Mwambi umenewu ndinakula nawo ku Katete, ndipo ndinkayesa kuti ndimaudziwa bwino, mpaka mu 2024 pamene madzi anachepa ku Kariba, magetsi n'kumathima kuyambira mbandakucha mpaka usiku, azakhali anga n'kuyamba kuonera masewero a ku Thailand.

Azakhaliwo anabwera ku Lusaka kudzaonetsa maso kuchipatala, akuti milungu iwiri basi. Maso anachira, eni ake sanabwerere. Akukhala kwa mwana wawo ku Chelstone, kufupi ndi thanki ya madzi ija imene aliyense amalozerapo njira. Poyamba nyumbayo inali ndi dongosolo lake: masana Zee World, madzulo Telemundo, kenako onse chete kuti aone zimene akazi a Nguzu apangana lero mu Mpali. Magetsi atayamba kusowa, TV inasanduka poikapo maluwa apulasitiki. Chinatsala ndi foni ya mdzukulu wawo, mtsikana wa kukoleji, amene amaitchaja kusukulu n'kubwera nayo itadzaza masewero amene eni ake ku Thailand amawatcha lakorn. Timawu ta Chingerezi ta m'munsi timathamanga kwambiri, choncho anagawana ntchito: mdzukulu amamasulira, ambuya ake amaweruza.

Lamulungu lina ndinanyamuka kwathu ku Kabwata, basi yoyamba mpaka m'tauni, yachiwiri kutsata Great East Road, kukawaona. Ndinawapeza pamphasa, mitu iwiri itagundana pa kafoni, moni n'kundiyankha ndi dzanja lokha. Ankaonera Jam Loey Rak, sewero la mu 2008 la pa Channel 3, limene dzina lake m'chinenero chathu lingakhale "woimbidwa mlandu wa chikondi". Nkhani yake ndi iyi. Mnyamata wina wadzipha chifukwa mtsikana wotchedwa Sansanee wamukana. Mkulu wake wa malemuyo, Harit, munthu wachuma, walumbira kuti abwezera. Wapita, wagwira mtsikana, wamutengera kuchilumba chake pakati pa nyanja, wayamba kumugwiritsa ntchito yakalavulagaga. Vuto ndi limodzi lokha: wagwira munthu wolakwika. Amene akutunga madzi ndi kulira uja ndi Soraya, m'bale wake wa Sansanee, wosadziwa kanthu.

"Funsa," anatero azakhali kwa mdzukulu wawo, ngati kuti foniyo ingayankhe. "Ankhoswe ake a mwanayu ali kuti?"

"Kulibe ankhoswe, Ambuya. Sanakwatirane."

"Nanga amalume ake? Nanga mfumu ya pachilumbapo?"

"Chilumbacho n'chake chomwe."

Azakhali anaomba m'manja kamodzi. "Ndiye dziko laonongeka. Munthu mmodzi yemweyo ndiye wodandaula, ndiye wapolisi, ndiye woweruza, ndiyenso ndende. Kenako akhalanso mkamwini?"

Analosera bwino. Pofika gawo lomaliza, Harit uja wagwetsa misozi, nyimbo yalira pansipansi, Soraya wakhululuka, ndipo awiriwo akuyang'ana nyanja atagwirana manja. Mdzukulu akupukuta m'maso. Azakhali akufunsa kuti mbuzi yaperekedwa pati, chifukwa iwo sanaione.

Ndili m'basi pobwerera ndinayesa kusamutsira nkhaniyi kuno kwathu, koma inakana. Choyamba, Zambia alibe nyanja yamchere. Zilumba zapafupi zili ku Kariba, ndipo chaka chimenecho mtsikanayo akanangokwinya chitenje n'kuwoloka wapansi. Chachiwiri, wobwezera wa mu Lusaka ayenera kuwerengera mtengo wa ufa. Kusunga mdani wako miyezi itatu, kumudyetsa katatu patsiku, kumugulira makala ndi sopo, ameneyo si mdani, ndi mlendo wochokera kumudzi, ndipo nyumba iliyonse ili naye kale wake. Chachitatu, m'mafulati a ku Kabwata khoma limamva. Ukangokweza mawu, amayi a khomo loyandikana afika kudzabwereka mchere umene ali nawo kale, maso ali mwazumwazu.

Koma chimene chinandigwira mtima n'chakuti m'masewerowa wobwezera sakhala mmphawi. Mu Sawan Biang, la mu 2008 lomwelo, Kawee ndi mwana wa mpondamatiki. Wakwiya chifukwa bambo ake akwatira Leela, mkazi amene iye anamunyoza kale, ndiye mkwiyo wonse akuutsanulira pa Narin, mng'ono wake wa Leela. Mu Kleun Cheewit, la mu 2017, Sathit ndi loya. Bwenzi lake lagundidwa ndi galimoto ya Jee, katswiri wa mafilimu amene ankathawa munthu wofuna kumuchita zoipa, ndipo loya uja, amene akudziwa bwino lomwe kumene kuli khoti, akusankha kumulondalonda yekha mpaka kumukonda. Onsewa ndi okongola, tsitsi losasokonezeka ngakhale pa mvula, galimoto yonyezimira. Mnyamata wa m'chipinda cha lendi ku Kabwata atachita theka la zimenezi, apolisi angafike nsima isanapse. Akazichita wa ku Kabulonga, wa mpanda wautali wa waya wamagetsi pamwamba, akuti musamuweruze, ali ndi bala mumtima, amayi ake anamusiya ali mwana. Tonsefe tili ndi mabala mumtima, koma bala limene limakhululukitsa mlandu ndi lokhala ndi galaja.

Mtundu wa masewero amenewa uli ndi dzina lake ku Thailand, limene tanthauzo lake ndi "mbama ndi kisi". Mtsikana amenya mbama, mnyamata ayankha ndi kisi yokakamiza, mbama ina, kisi ina, mpaka ukwati. Azakhali atamva zimenezi anati ayesere pa msika wa Kabwata, aone ngati pambuyo pa mbama pamabwera kisi kapena mthiko.

Apa ndiyenera kusiya kaye nthabwala. Zimene Kawee anachita kwa Narin si mbama yokha, anamugwiririra, ndipo sewero likutha Narin ali ndi mwana, atakhululuka, atakwatiwa ndi yemweyo. Chinenero cha Chithai chili ndi mawu awiri pa chinthu chimodzichi. Akachita munthu woipa wa m'sewero amati khom khuen, umene ndi mlandu wa kundende. Akachita mnyamata wokongola amene tikumuchemerera amati plam, ngati kuti ndi kulimbana chabe kwa anthu okondana. A ku Thailand eni ake zinawatopetsa. Mu 2014, mtsikana wa zaka 13 atagwiriridwa ndi kuphedwa m'sitima ya usiku, anthu masauzande ambiri anasaina chikalata chopempha bungwe loyang'anira mawailesi la NBTC kuti masewero aleke kuonetsa kugwiririra ngati khomo la chikondi.

Tisafulumire kuwaloza chala, chifukwa mawu awiriwo nafenso tili nawo. Mlendo akamenya mkazi pamsewu timati chiwembu. Mwamuna wake akam'menya kuchipinda ena amati ndi mankhwala a banja. Ku kicheni pate, pakati pa mapoto ndi nthungululu, mkwatibwi amauzidwa kuti za m'nyumba sizituluka pakhomo, ndipo mu Lusaka muno ukwati tinaupatsa dzina lobwereka ku Chibemba, shipikisha, kalabu ya opirira. Boma linakhazikitsa lamulo lothana ndi nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi mu 2011. Kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit. Mu 2016 ku Kabwe ndi ku Lusaka kunatsegulidwa makhoti ozenga milandu yotereyi mwachangu. Koma ndani sadziwa mmene nkhani zambiri zimathera? Lolemba mayi wapita kukadandaula diso litatupa. Lachitatu abale afika, akumufunsa kuti mwamunayo akamangidwa ana adya chiyani, lendi alipira ndani. Lachisanu mayi uja wabwerera kukachotsa mlandu. Gawo lomaliza la lakorn limenelo, longosowa nyimbo ndi nyanja.

Ndiye onani mmene tautembenuzira mwambi wa makolo. Milandu yaikulu, ya magazi ndi misozi, imawola pa masiku anayi, makamaka wolakwayo akakhala kuti ndiye amagula ufa. Imene siwola ndi ing'onoing'ono. Mayi a kunyumba kwanga ali ndi mnzawo ku Woodlands amene sapatsana moni ndi mnansi wake chifukwa iye anapereka mapoto asanu pa kicheni pate ya mwana wa mnansiyo, koma pa ya mwana wake anabwezeredwa beseni lapulasitiki. Chaka cha mdima chija nyama inawola m'mafiriji a ku Woodlands, soseji inawola, nkhuku zinatayidwa, koma mlandu wa beseni ukadali wauwisi. Wina anadumpha mwezi umodzi pa chilimba, ndipo dzina lake likutchulidwabe pa maliro alionse. Foni nayo yawonjezera mchere woumitsira milandu. Kale mawu oipa ankapita ndi mphepo, lero amajambulidwa n'kusungidwa, tsiku ndi ola zili pomwepo. Tsegulani WhatsApp m'mawa muone mavesi onena za adani. Aliyense mu Lusaka ali ndi adani, ngakhale wogulitsa tomato, ndipo aliyense akudikira kuti Mulungu awachititse manyazi iye akuona.

Inenso ndisadziyeretse. Mu 2019 mnzanga wina wa ku Kabwata konkuno anabwereka wilibala yanga, osabweza. Sindinamufunse, chifukwa munthu wamkulu safunsa wilibala. Ndinangosiya kumuyankha bwino. Tikakumana pa Burma Road, pafupi ndi tinyumba tozungulira ta Kabwata Cultural Village, ndinkayang'ana ziboliboli ngati ndikufuna kugula. Ukwati wa mwana wake ndinapita mochedwa dala, n'kudya kawiri.

Nditapitanso ku Chelstone n'kuwafotokozera azakhali zonsezi, anandiyang'ana ngati mwana amene wavala malaya chadodolido.

"Iwe, mwambi umenewu suutanthauza kusunga chakukhosi. Akale ankanena kwa wolakwa, osati kwa wolakwiridwa. Ankati thawa, pita ku migodi ya ku Kitwe, pita ku Joni, ukakhale zaka khumi, pobwera udzaupeza pabwalo ukukudikira. Ukafika umakhala pansi, anthu amve mbali zonse ziwiri. Wolakwa avomere ndi pakamwa pake. Apereke nkhuku, kapena mbuzi ngati mlandu ndi waukulu. Akatero anthu amadyera pamodzi, ndipo amene adzautchulenso mawa ndiye wapalamula watsopano."

Ndinaona kuti akunena zoona. Kukhululuka kwa kwathu kunali ndi miyendo inayi ngati mpando: kumva, kuvomera, kulipa, kuiwala. Ndipo kwa Achewa mkamwini ankakhala kumudzi kwa mkazi, alongo ake a mkaziyo ali khomo lachiwiri, kotero kuti wotukula dzanja ankadziwa kuti mphasa yake ikhoza kupindidwa dzuwa lisanalowe. Harit ndi Kawee anadumpha miyendo itatu n'kukhalira wachinayi. Sanamve, chifukwa akanamva akanadziwa kuti agwira munthu wosalakwa. Kulipa kwawo ndi misozi, ndipo misozi ya munthu wachuma si chindapusa, ndi madzi. Chodabwitsa n'chakuti kwawo komweko mwambo wabwino ulipo. Mnyamata wa ku Thailand akamapita kukalowa umonke wa Chibuda, amayamba wagwada pamaso pa makolo ndi akuluakulu, atanyamula maluwa, makandulo ndi zofukiza, kupempha kuti zonse zimene anawalakwira zithere pomwepo. Amati ahosikam. Wolakwa ndiye amagwada. Pa TV pokha ndi pamene wolakwiridwa amauzidwa kuti afewetse mtima chifukwa nthawi ya pulogalamu yatha.

Tsiku limenelo azakhali anapereka chigamulo chawo pa Jam Loey Rak, mdzukulu akulemba pafoni. Harit apereke ng'ombe ziwiri kwa amalume ake a Soraya. Chilumba chilembedwe m'dzina la mtsikanayo. Atunge madzi iyeyo masiku ofanana ndi amene anam'tungitsa. Akatha zonsezo Soraya amukhululukire ndi mtima wonse, kenako akakwatiwe ndi munthu wina.

"Koma Ambuya, amakondana!"

"Akondane ali kutali. Kukhululukira fisi sikumupatsa kiyi wa khola." Anakonza mpango wawo. "Ika lina. Lija la loya."

Ine ndinabwerera ku Kabwata mtima uli myaa, nditatsimikiza zochita monga mwa mwambo. M'mawa mwake ndinagogoda kwa mnzanga uja, ndinakhala pansi, ndinakonza kukhosi, n'kumuuza kuti nkhani ya wilibala ndaikhululuka.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kabuku kakuda m'mbali.

"Achimwene, wilibala ili kuseri, sinayendepo. Munaisiya nokha ngati chikole tsiku limene munabwereka K300 ya sukulu ya mwana. Ndakhala ndikudikira zaka zisanu, inu mukungoyang'ana ziboliboli."

Ndinakumbukira zonse nthawi yomweyo, mpaka malaya amene ndinavala tsikulo. Zaka zisanu ndinali Harit wa ku Kabwata, kulanga munthu wosalakwa, ndilibe ngakhale chilumba choti chindiikire kumbuyo. Ndinayesa kugwetsa misozi monga ndinaonera pafoni, koma nyimbo sinalire, ndipo mnzangayo anangotambasula dzanja.

Ndinalipira. Nkhuku ndinagula pa msika wa Kabwata, tinadyera limodzi, ndipo wilibala ndinaikankha ndekha mpaka kunyumba, tayala litaphwa, ikulira njira yonse.