Zilembo Zodontha Magazi pa Boma la Chadiza

Kale wolemba zikwangwani pa Chadiza ankabwera ndi bulashi, chitini cha penti ndi rula. Penti ikadontha, mwini golosale ankamudula malipiro. Lero kudonthako anthu akulipira, chifukwa kwachokera mu kompyuta.

Mnyamata wa pa fotokope ali ndi mitundu ya zilembo yosawerengeka, koma mtima wake uli pa umodzi wotchedwa Chiller. Anaujambula Andrew Smith mu 1995, ndipo unafalikira pamodzi ndi Microsoft Office. Azungu amaugwiritsa ntchito pa mafilimu a mizukwa ndi pa Halloween, usiku wa 31 October pamene ana awo amavala ngati afiti. Kuno ndi wa chilichonse. Pa butchala ungamvetse, magazi ndi kwawo. Nanga pa saluni? Nanga chikwangwani cha sukulu ya mkaka, chomwe chikuoneka ngati anachikanda ndi zikhadabo?

Za khadi la ukwati ndiye zoposa. Amabwera anayi: ankhoswe, amayi a mkwatibwi, mlamu wosunga ndalama, ndi wina wongoperekeza koma ndiye wolankhula kwambiri.

"Mwanawe, tikufuna zilembo zaulemu."

"Izi bwanji, amayi?"

"Zaonda. Anthu adzati tinalibe ndalama."

Mnyamata amadina Chiller, n'kuika mtundu wofiira. Onse amawerama kuyang'ana. Dzina la mkwati likuchucha, la mkwatibwi likunjenjemera, tsiku la ukwati silikudziwika ngati ndi 3 kapena 8. Ankhoswe magalasi aiwala kunyumba, koma sangavomere pamaso pa apongozi, basi amangogwedeza mutu. "Eya, izi ndiye za ku Lusaka."

Ndani angatsutse? Kutsutsa kompyuta pagulu ndi kudziulula kuti sunapiteko ngakhale ku Chipata.

Palibe amene zilembozi zimamuopsa. Kuno ndi kwa Achewa, kwa mafumu Mlolo, Mwangala ndi Zingalume. Munthu amene ali mwana anathamangitsidwapo ndi chilombo cha Gule Wamkulu, amene amapita ku Mkaika mu August kukaona mwambo wa Kulamba, ungamuopseze ndi chilembo chotuluka misozi? Agogo ena atalandira khadilo anangodandaula kuti mvula yalinyowetsa, n'kuliyanika padzuwa.

Pepala lomwe limaumitsa anthu pakamwa lilibe chokongoletsa chilichonse. Ndi samani ya kukhoti, zilembo zing'onozing'ono zakuda, zowongoka bwinobwino, chidindo m'munsi. Ikafika imeneyo, bambo wa ndevu zake amasiya nsima ili yotentha. Lina ndi katoni yolembedwa ndi makala pa golosale: ngongole mawa.

Mwini golosale wina anafuna kukometsa katoni yakeyo, n'kukaisindikiza mu Chiller, yofiira, ya pulasitiki. Makasitomala anaima, anayamikira, wina mpaka anaijambula pa foni.

"Akulu, mwakongoletsa zedi. Ndiye tapatseniko shuga, tidzalipira tikagulitsa soya."