Mukufuna kuzungulira dziko, inu amene ku Lumbadzi simunafikeko

Zimitsani mafoniwo. Iwe wa buluku long'ambika m'maondo, chotsa zingwe m'makutumo. Nawenso mkazi wanga wamng'ono, usandisekerere, lero mwamuna wako wakwiya. Nkhani yandipeza ndili khale. Akuti m'nyumba muno muli anthu amene akonza zozungulira dziko lonse lapansi pa ndege, ndipo mizinda yalembedwa kale kuchikuto kwa kope la masamu: Dubai, London, New York, kenaka kubwereranso ku England kukaonera Manchester United, ndiyeno Tokyo. Anthu ake ndi omwewa amene ndikawatuma mchere pa msika wa Area 23 amabwera dzuwa litapendeka, atanyamula chingamu ndi nkhani za eni.

Musati agogo achita nsanje. Ndege ine ndinaikwera amayi anu asanabadwe, m'masiku a Wenela, pamene anyamata a kuno tinkatengedwa kupita ku migodi ya ku Joni. Ulendo wake unalinso wa zigawozigawo: ndege mpaka ku Francistown m'dziko la Botswana, kuchoka apo sitima ya pamtunda mpaka ku Johannesburg, kenaka n'kutigawa m'migodi. Panalibe wofunsidwa ngati akufuna mpando wa pawindo. Pa 4 April 1974 ndege ina ya Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown, ndipo anthu oposa 70 anatsikira kuli chete, ambiri mwa iwo Amalawi amene ankabwerera kumudzi ndi masutukesi awo. Kamuzu anatseka za Wenela chaka chomwecho. N'chifukwa chake ine ndikamatchula ndege ndimayamba ndavula chipewa. Inu mumaitchula miyendo ili patebulo.

Nditabwerako ndinalowa umesenjala pa kampani ina yogulitsa matikiti a ndege ku City Centre. Nthawi imeneyo Air Malawi inkapita yokha ku London ndi ndege yake ya VC10. Ndinaona bwalo la Kamuzu likuyamba kulandira ndege ku Lumbadzi mu 1983, ndipo ndili moyo Air Malawi yomweyo inatha mu 2013. Matikiti anali timabuku ta mapepala a kaboni wofiira, ine n'kumawaperekeza m'maofesi a mabwana pa njinga. Mesenjala amamva zambiri, pakuti anthu akamayankhula amamuyesa khoma. Tsono khalani pansi, Safunsa anadya phula.

Tikiti mukuilotayo ilipodi. Koma palibe kampani imodzi imene ndege zake zimatera paliponse, ndiye makampani anamanga mabungwe oti azipatsirana anthu: Star Alliance mu 1997, oneworld mu 1999, SkyTeam mu 2000. Ukagula tikiti ya bungwe limodzi walowa banja, ndipo ndege za mabungwe enawo uzingoziona pawindo. Mwa ndege zotera ku Lumbadzi, Ethiopian ili mu Star Alliance kuyambira 2011, pomwe Kenya Airways ili mu SkyTeam. Malawi Airlines yathuyi, ngakhale Ethiopian ili ndi magawo 49 pa 100 alionse a kampaniyo, si membala wa bungwe lililonse mwa atatuwa. British Airways ndi Qatar Airways, za oneworld, mukachite kuzilondola ku Johannesburg kapena ku Nairobi. Mwaona? Simunanyamuke n'komwe, koma pa tikiti ya Star Alliance khomo lotulukira lasankhidwa kale, ndipo dzina lake ndi Addis Ababa.

Malamulo a tikitiyi ine amandisangalatsa. Amene anawalemba ayenera kuti anali munthu wa imvi, woti analerapo ana osamva. Sankha mbali imodzi, kum'mawa kapena kumadzulo, ndipo uziyenda chomwecho mpaka ukatulukire kumene unachokera. Nyanja ya Atlantic uoloke kamodzi, ya Pacific kamodzi. Pamenepa ndiye pafera Manchester United yako, mnyamata iwe. Ukafika ku New York, England yatsala m'mbuyo, ndipo mpirawo ukaonera pa kanema monga umachitira kuno kwa a shoo. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Tikiti imodzi imanyamula maulendo 16 basi, ndipo kusintha ndege kulikonse kumadya ulendo umodzi pa 16 amenewo, kaya mzindawo wauona kaya wangoona mipando ya pabwalo. Kukhala pamalo kupitirira maola 24 ndiko amati waima, ndipo a Star Alliance salola kuima koposa 15. Tsono iwe wochenjera udzati, pakati apa ndikwera basi kuti ndipulumutse ndalama. Kwera, koma mtunda umenewo adzauwerenga ngati wauuluka, ndipo malo ake pa 16 aja adyedwanso. Anakuganizira kale usanabadwe.

Lamulo limene ndikufuna mulimvetse bwino ndi la kuchedwa. Maulendo a pa tikiti amayenera kugwiritsidwa ntchito motsatana monga analembedwera. Ukagonereza, ndege n'kukusiya osawadziwitsa, kompyuta ikhoza kufufuta maulendo onse otsala. Ndikuyang'ana iwe amene mapemphero a 8 koloko umafika anthu akuponya chopereka, chonsecho tchalitchi chili kuseri kwa chigayo. Kusintha tsiku lonyamuka nthawi zambiri amalola ukawauza msanga, koma kusintha mzinda kuli ndi chindapusa chake, cha madola.

Tibwere pa mtengo, pamene makutu anu amayamba kugontha. A Star Alliance amayeza ndi mtunda: pali tikiti ya mamailosi 29,000, ya 34,000 ndi ya 39,000, ndipo ukadumpha malire ndi mailosi ochepa chabe wakwera kale pa mtengo wotsatira. Dziko lonse, ukalizinga pamimba pake, ndi mamailosi ngati 24,900. Inu mukuti ndiye 29,000 ndi yokwana n'kutsalako. Dekhani. Kuchoka ku Lumbadzi kukafika ku Addis Ababa ndi mamailosi ngati 1,600, kubwerera chimodzimodzi. Oposa 3,000 apita pongotuluka ndi kulowa m'nyumba. Mzungu wa ku Frankfurt amayamba ulendo wake ali kale pamphambano, ife timayamba tayenda kukafika pamphambanopo. A oneworld ali ndi tikiti ina yowerenga makontinenti, kuyambira atatu mpaka asanu ndi limodzi, ndipo kwa iwo Ulaya ndi maiko a Aluya kumene kuli Dubai ndi chigawo chimodzi. Mndandanda wa m'kope mwanumo wakhudza zigawo zinayi. Pamwamba pa zonsezi pali misonkho ya mabwalo a ndege ndi ndalama ya mafuta, ndipo London imadziwika ndi msonkho wowawa kwa onyamuka kumeneko. Chinanso, njira yomweyomweyo mtengo wake umasiyana malinga ndi dziko limene wayambira. Musamatengere nambala imene mwaona mnyamata wa ku Australia akudzitama nayo pa YouTube.

Tiyerekeze, kungoyerekeza chabe, kuti zonse pamodzi zakwana madola 5,000. Tenga cholembera, mkazi wanga, iwe ndiye masamu anakukonda. Kumayambiriro kwa November 2023 dola imodzi kubanki inali pafupifupi K1,180, ndiye tikiti yathu inali K5.9 miliyoni. Mwezi womwewo kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola n'kufika pa K1,700. Tikiti ija, osasintha mzinda ngakhale umodzi, inadzuka ili K8.5 miliyoni. Munthu anagona ali ndi ya ku Tokyo, n'kudzuka ali ndi yothera panjira. Ndipotu umenewo ndi mtengo wa kubanki, kumene dolayo umachita kuilembera kalata n'kudikira. Anyamata a kumsewu akhala akuigulitsa nthawi zina moposa kawiri pamenepo. Mu 2022 makampani ena a ndege anafika poimitsa kugulitsa matikiti kuno chifukwa makwacha amene ankatolera ankakanika kuwasintha kuti apite kwawo. Inu mukamati "tiphusha geni, madala, zitheka," dziwani kuti geni yanu imalipira makwacha pamene ndege imamwa madola.

Komatu tikiti ndi mutu chabe. Kugona? Kudya? Kapena mukuganiza kuti ku Tokyo kuli azakhali anu oti akakuyalireni mphasa?

Walira mvula walira matope, tsono matope ake ndi ma viza. Pasipoti yathu imakulowetsa ku Joni masiku 30 popanda viza, ndipo inu mwazolowera zimenezo n'kumayesa dziko lonse ndi Beitbridge. Ku England viza. Ku maiko a Ulaya a Schengen viza ina, imene kuyambira June 2024 ndi mayuro 90, ndipo akakukana ndalamayo sibwerera. Ku America ndiye ngakhale wongosintha ndege, woti sakufuna n'komwe kutuluka pabwalo, amafunika viza. Mu August 2025 boma la kumeneko linalengeza kuti Amalawi ndi a ku Zambia ofuna viza yokacheza akhoza kuuzidwa kuti asiye chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000, chobwezedwa akatuluka m'dzikomo pa nthawi yake. Chikole chokhacho chikhoza kuposa tikiti yonse. Viza iliyonse ili ndi masiku ake, ndiye ukaitenga msanga imatha usanafike, ukachedwa ndege yakusiya. Maiko ambiri amafuna pasipoti yotsala ndi miyezi isanu ndi umodzi isanathe, ya masamba opanda zidindo, enanso amafunsa khadi yachikasu ya katemera. Pasipoti yakoyo, mnyamata, uli nayo? Wayiwala mmene anthu anasowera pogwira kumayambiriro kwa 2024 makina osindikiza mapasipoti ataima?

Ndikudziwa chimene mukunong'onezana. Mukuti tidzagula matikiti modukizadukiza, ku makampani otchipa, tizingolumikiza tokha pa foni. Nthawi zina zimatchipadi, sindikana. Koma ndege yoyamba ikachedwa, yachiwiri sikudziwa, sikudikira, ndipo ndalama yake yapita. Chikwama chilichonse amalipiritsa pachokha, ena ngakhale madzi akumwa. Pa tikiti imodzi ya bungwe, iwo akakuchedwetsa amakupezera ndege ina. Ndipo wa pachipata cha dziko la eni akakufunsa kuti uonetse tikiti yotulukira, sadzamva zoti ukudikira mitengo itsike Lachiwiri.

Pali chimodzi chokha chimene chimandidetsa nkhawa pa ulendo wa kum'mawa. Pakati pa Pacific pali mzere umene tsiku limasinthira. Munthu amanyamuka ku Tokyo Lachiwiri madzulo, n'kutera ku Los Angeles Lachiwiri lomwelo dzuwa lili pamutu. Tsiku limodzi kulidya kawiri! Kupereka mphatso yotere kwa anthu amene tsiku limodzi lomwe amalitha ali gone pa sofa, ndi kutaya. Mudzapite chakumadzulo, kumene tsiku limasowa. Inu simudzazindikira n'komwe.

Tsono lamulo limene linandigwetsa misozi ndi ili: tikitiyi imathera m'dziko limene inayambira, ndipo chaka chisanathe uyenera kukhala utabwerera. Kumudzi kwathu kunali nyumba zambiri za matchona, amuna amene anapita ku Salisbury kapena ku Joni atalonjeza kuti mvula ikamagwa abwera, mpaka ana awo anamera ndevu. A Wenela ankadziwa mtima wa mnyamata, n'chifukwa chake gawo lina la malipiro ankalisunga kuti ukalandirire kuno kumudzi. Lero anzanu amakwera basi kudzera ku Dedza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge ndi tikiti yopita yokha, n'kumatitumizira zithunzi atatsamira galimoto za mabwana awo. Ndiye ndikamva kuti kuli tikiti imene imamugwira munthu pakhosi n'kumubweza ku Lumbadzi, ine ndikuti imeneyo ndi tikiti ya makhalidwe. Ndikanakhala ndi K8.5 miliyoni ndikanagulira amalume anu otchona aja.

Popeza ndine munthu wachifundo, sindikukutsekerani njira. Mawa m'mawa kuli mayeso. Munyamuka pano pa Area 23, muima pa Biwi kufunsa mtengo wa tayala la wilibala, mufika ku Depoti, muoloka kupita ku Chinsapo kukasiya ufa kwa azakhali anu, kenaka ku Area 25 kukaona mlamu wanga wodwala mwendo, mutsikira ku Mgona kugula mtedza, n'kubwerera kuno kudzera ku Kawale. Mbali imodzi, osabwerera m'mbuyo. Mtsinje wa Lilongwe muoloke pa mlatho wina popita, wina pobwera. Mudzaona kuti minibasi iliyonse ikufuna kukubwezerani ku Depoti, monga ndege zimabwezera munthu ku Addis Ababa, ndiye mudzaganize nokha pokwera kabaza ndi poyenda pansi. Usiku uno mundilembere mtengo wa chigawo chilichonse, muikepo ndi yoonjezera ya kondakitala akakweza madzulo, ndipo ndikupatsani ndalama yokhayo imene mwalemba. Ikakutherani ku Kanengo musandiimbire, foni yanga imakhala yozima masana.

Mtedzawo ukhale wa Chalimbana, osati wonyowetsa ndi madzi kuti ulemere pa sikelo. Ndidzauluma ndekha, mano awiri otsalawa akadagwira ntchito.