Sipuling'i yotentha ya ku Nsefu

Mzungu ndalama ali nazo, koma pa mawu ndi woumira. Ife tili ndi kasupe, tili ndi kudumpha, tili ndi nthawi ya mphukira, tili ndi chitsulo chonyamula galimoto. Iye zonsezi anazipakira m'thumba limodzi n'kulembapo kuti spring. Kuno ku Lupande, kumene nsima ya mabanja ambiri imachokera ku Chingerezi cha m'maloji a ku Mfuwe, thumba limeneli latigwetsa kangapo.

Mwana wa mlongo wanga atangolembedwa ntchito yothandiza dalaivala pa kampu ina, anaperekeza alendo ku chigawo cha Nsefu, tsidya lino la Luangwa, kumene kuli kasupe wa madzi otentha amchere. Ali m'njira anaima kuti amwe tiyi. Dalaivala atazembera kuseri kwa chitsamba, mayi wina wa ku England anafunsa mnyamatayo kuti hot spring ili pati. Mnyamata sanachedwe. Anagona chagada, n'kukwawira kunsi kwa Land Cruiser, n'kugwira zitsulo zosanjikizana zija za kumateyala akumbuyo. Anatuluka akukupiza dzanja.

"Madamu, zonse ziwiri zatentha, koma yakumanzere ndiyo yanyanya."

Mayiyo anamujambula chithunzi. Mpaka lero anzake kukampu amangomuitana kuti Yakumanzere.

Kusukulu nako nkhani ndi yomweyo. Aphunzitsi ena anawerengera ana buku lochokera kunja lonena kuti chaka chili ndi nyengo zinayi, ndipo kwa ife a kummwera spring imayamba mu September: maluwa mbwee, kamphepo kayaziyazi, tiana ta nkhosa tikujowajowa pa msipu. Ana anasuzumira pawindo. Mitengo ya tsanya ili mbuu yopanda tsamba, mtsinje wa Lupande wasanduka msewu wa mchenga, amayi akufukula pansi ndi mbale kuti apeze madzi, ndipo October wa madigiri 40 ali pakhomo. Kamtsikana kena kanakweza dzanja.

"Aphunzitsi, kapena spring yathu inadyedwa ndi njovu pamodzi ndi mango?"

Aphunzitsi anati funsolo silibwera pa mayeso.

Chodabwitsa n'chakuti Angerezi eniake kalekale nyengo imeneyi sankaitcha spring. Ankaitcha Lent, dzina lomwe linatsalira kutchalitchi ngati Lenti, masiku 40 osala kudya Pasaka asanafike. Tsono Lenti kuno imatipeza mu February ndi March, Lupande atadzaza mpaka m'minda, misewu ya ku Msoro ndi ku Malama itasanduka phala. Makaniko wina wa pa Mfuwe nditamufotokozera zimenezi anagwedeza mutu. "Ndiye mzunguyo sananame, achimwene. Imeneyo ndiyo nyengo ya masipuling'i. Pa sabata ndimawotcherera angapo."

Mlamu wanga anaitanidwa ku phwando la antchito pa loji ina. Woperekera zakudya anabwera ndi mbale ya tinthu tokulungakulunga, nati ndi ma spring roll. Mlamu anatenga kamodzi, n'kukafunyulula pang'onopang'ono ngati kalata ya kukhoti, n'kupatula kabichi uku, karoti uku. Atafunsidwa chimene akufuna, anati, "Waya. Mano anga atsala ochepa." Atamva kuti mawa lake alendo adya spring chicken, anapepesa wophika pasadakhale: nkhuku ya kumudzi yongothamanga imatha anyamata atatu, nanga yodumpha?

Koma pali sipuling'i imodzi imene sitiseka nayo kwambiri, ya m'sikelo yopachika pamtengo nthawi yogula thonje. Agogo anga aakazi sanapite kusukulu, komabe sayansi yake anaidziwa. Tsiku lina wogula wina atapachika thumba lawo, muvi unangosuntha pang'ono ngati ukuchita manyazi. Agogo anauyang'ana, n'kumuyang'ana mnyamatayo.

"Mwana wanga, sipuling'i ya bedi langa pamene yakalamba imatsika ngakhale pagone mphaka. Nanga yakoyi bwanji ikamakalamba ikuumirabe?"

Mnyamata anati sikeloyo inachokera ku tauni. Agogo anati n'chifukwa chake siidziwa kulemera kwa khasu.

Amalume anga ena anapita ku Joni kukasaka ntchito, ndipo kalata yawo yoyamba inafika ndi adiresi ya Springs. Imeneyi ndi tauni ya migodi kummawa kwa Johannesburg, koma pamudzi panalibe wodziwa. Amene anawerenga kalatayo analengeza kuti amalume apeza ntchito ku fakitale ya mabedi. Azakhali anayamba kuyenda monyada, mphasa yawo n'kupatsa mnansi. Patapita zaka amalume anatsika basi ndi wailesi, jekete ndi chifuwa. Azakhali anazungulira katunduyo kawiri.

"Bambo, bedi likubwera pambuyo?"

Anakabwereka mphasa ija usiku womwewo, anthu atagona.

Ndinafunsapo gaidi wina wakale, wa m'gulu lija linaphunzira kuyenda ndi alendo pansi m'tchire monga anayambitsira Norman Carr, kuti mawu amodzi angasenze bwanji katundu yense uyu. Anati muzu wake ndi umodzi, kutumphuka. Madzi amatumphuka pansi, mphukira zimatumphuka pamtengo, chitsulo ukachipanikiza chimatumphuka, mphala ikaona kambuku imatumphuka mamita atatu m'mwamba. Ndinati zamveka. Iye anati ndisafulumire, popeza ngakhale msampha ukafwamphuka mzungu amati spring, ndipo ku South Africa timu yonse ya rugby ndi ma Springboks, agwape odumpha, chonsecho ndi zimphona zoti zitakwera ngolo ng'ombe zingakhale pansi.

Womaliza ndi mnansi wanga, bambo wa ana asanu ndi atatu. Mlendo wina wofufuza za njovu ndi minda anabwera ndi fomu, ndipo pamzere wina panalembedwa offspring. Mnansi Chingerezi amachidziwa cha pa switchi: on ndi kuyatsa, off ndi kuzimitsa. Anaganiza kuti akufunsidwa za masipuling'i amene anasiya kugwira ntchito, ndiye analowa m'nyumba, n'kutukula matiresi, n'kuwerenga. Anatuluka nati asanu ndi atatu. Womasulira anaseka mpaka kukhala pansi, n'kumuuza kuti mawuwo akutanthauza ana obereka iye.

Mnansi sanatekeseke. "Lembani momwemo, bwana. Nambala ndi yomweyo. Mwana aliyense anathyola yake."