Khotekhote Wachoka M'njira, Walowa M'galimoto

Galimoto yokokera mbali imodzi imadziwika ndi kutopa kwa mkono wa dalaivala. Pamsewu wowongoka, munthu akangofewetsa dzanja pachiwongolero, imayamba kulowera kumanzere kapena kumanja popanda woituma. Vutoli ndi lakale, koma laonekera poyera chikuzireni misewu ina ya mu Lilongwe ndi kukonzanso zigawo za M1. Kale dalaivala ankangokhalira kuzemba maenje, ndiye analibe mpata wodziwira ngati galimoto yake imatha kuyenda mowongoka. Akuluakulu anati khotekhote ngwa njira, palinga mtima mpomwepo. Lero njira yawongoka, mtima walinga ku Area 18, koma Sienta yalinga m'ngalande.

Mwambiwu usanagamulidwe kuti watha ntchito, njira iyambe yafunsidwa. Msewu wa phula saumanga wathyathyathya. Pakati pamakwera, m'mbali mumatsika masentimita awiri kapena atatu pa mita iliyonse kuti madzi a mvula asaime. Popeza kuno magalimoto amayenda kumanzere, galimoto yabwinobwino imatha kutsetserekera kumanzere pang'onopang'ono, ndipo apo akuluakulu aja sanalakwe. Poyesa pamafunika malo afulati opanda anthu, osati kulowa mbali ya eni ake pa M1 kuti munthu aone ngati kukokako kusintha. Mphepo ya m'mbali imakankhanso, makamaka minibasi. Matumba a chimanga a makilogalamu 50 akaunjikidwa mbali imodzi, mlandu si wa makaniko.

Njira ikapezeka yosalakwa, woyamba kuganiziridwa ndi mpweya. Tayala lakutsogolo lochepa mpweya limafupika pang'ono, limalemera kugudubuzika, ndipo galimoto imakokera mbali yomweyo. Chifukwa chimenechi ndi chofala kwambiri, komanso chodedwa kwambiri ndi eni magalimoto, poti n'chotchipa. Munthu amene analipira msonkho pa Songwe mpaka thukuta safuna kumva kuti galimoto yake yagonja ndi mpweya wa pamalo omwetsera mafuta. Amafuna vuto la dzina lachingerezi. Akaumirizidwa, amatsika, amamenya tayala ndi nsapato, n'kulengeza kuti lili bwino. Nsapato siyeza mpweya. Tayala lamakono limatha kuchepekedwa kwambiri likuonekabe lokhuta. Muyeso woyenera unalembedwa pakapepala kamene kamamatidwa pafelemu ya chitseko cha dalaivala. Mawu ake akhoza kukhala a Chijapani, koma manambala alibe mtundu: 230 kPa ndi 2.3 bar, pafupifupi 33 psi. Kuyeza kumachitika ndi geji, matayala asanatenthe ndi ulendo.

Mpweya ukafanana koma galimoto n'kumakokabe, maso apite pamatayala enieniwo. Apa m'pamene pali mbiri ya dziko lonse lapansi. Tayala lakumanzere linabwera ndi galimoto kuchokera ku Japan, ndipo analipangira chipale chofewa chimene silidzachionanso. Lakumanja ndi lakaunjika, linagulidwa mwachangu tsiku limene linzake linaphulika. Lina analemba 175/65 R14, linalo 185/65 R14, ndipo wogulitsa analumbira kuti n'chimodzimodzi. Si chimodzimodzi: lachiwirilo ndi lotambalala komanso lalitali. M'mbali mwa tayala mulinso manambala anayi onena za kubadwa kwake. 2318 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2018. Mwini galimoto akawerenga onse anayi amatha kupeza kuti akuyendetsa agogo, mdzukulu ndi alendo awiri osadziwana. Mitima inayi, yolinga kunayi, ndipo chiwongolero chimodzi chikuyembekezeka kuyanjanitsa onse.

Ngakhale matayala ofanana kukula amatha kusiyana maganizo. Lina limatuluka kufakitale kapena m'dzenje lamba wake wa m'kati atapendekera, ndiye limagudubuzika ngati ndowa yogonekedwa, imene siyenda mowongoka ngakhale ikankhidwe bwanji. Kulitulukira sikulira makina. Jeke ndi sipanala zikwana: lakumanzere lipite kumanja, lakumanja kumanzere. Kukoka kukasintha mbali kapena kutha, wolakwa ndi tayala. Matayala okhala ndi kamuvi kosonyeza kozungulirira sayenera kusiyidwa chosemphana. Akangoyesedwa abwezedwe m'malo mwake.

Kenaka mabuleki, ndipo apa nthabwala zichepe. Funso lalikulu ndi lakuti galimoto imakoka nthawi iti. Ikamakoka nthawi zonse, n'kutheka kuti caliper ya mbali imodzi yagwira dzimbiri ndipo sikumasula. Galimoto imalowera mbali yogwirayo, mafuta amatha msanga, ndipo ikaimitsidwa limu la mbaliyo limakhala lotentha kuposa linzake, nthawi zina ndi fungo la chopserera. Dzanja lingoyandikira, lisakhudze. Ikamakoka pokhapokha buleki yapondedwa, nkhani imatembenuka: imalowera mbali imene ikugwira bwino, ndiye wodwala nthawi zambiri ndi winayo, amene mwina ma pad ake anyowa ndi mafuta kapena paipi yake ya rabala yatsekeka m'kati. Galimoto yotere si yodikira malipiro a mwezi wamawa. Dalaivala amazolowera kukoka, mkono umaphunzira kubweza wokha, mpaka amaiwala kuti pali vuto. Tsiku limene watopa kapena foni yalira, galimoto imapita kumene yakhala ikulinga miyezi yonseyi. M'mbali mwa msewu wa kuno si mopanda kanthu. Ndi mmene muli kabaza, amayi a tomato ndi ana ochokera kusukulu.

Zonsezi zikatha m'pamene pamafika alainimenti, mawu amene mwini galimoto ankafuna kumva kuyambira pachiyambi. Pali ngodya zitatu. Camber ndi kupendekera kwa tayala munthu akaliyang'ana ali kutsogolo; galimoto imakokera mbali imene mutu wa tayala wapendekera kwambiri kunja. Caster ndi kupendekera cham'mbuyo kwa mzere umene tayala limakhoterapo, ndipo ndi imene imabweza chiwongolero pakati munthu akamaliza kona. Mbali ziwiri zikasiyana, galimoto imalowera kumene caster yachepa. Toe ndi kuyang'anana kapena kufulatirana kwa matayala. Iyi ndi imene amakaniko amafulumira kuigwira chifukwa ndi yosavuta kusintha, koma payokha kawirikawiri siikoka galimoto. Ntchito yake ndi kudya matayala ndi kukhotetsa chiwongolero. N'chifukwa chake munthu amatha kutuluka m'galaja chiwongolero chili chowongoka bwinobwino, thumba lapepuka, galimoto ikukokabe monga dzulo. Pamagalimoto ang'onoang'ono ambiri camber ndi caster zilibe ndi posinthira pomwe. Zikasokonekera ndiye kuti china chake chapindika kapena chatha.

Chopindacho chimadziwika: dzenje la nyengo ya mvula limene linalandiridwa pa liwiro la 80. Njira yokhota ija sinangotha ayi, khotekhote wake anakwera galimoto n'kukhalamo. Ali m'mabushi ophwanyika, mu ball joint yogwedera, mu tie rod yopindika, m'sipuling'i yothyoka imene yatsitsa phewa limodzi la galimoto. Makaniko wodziwa ntchito amayamba wakweza galimoto n'kugwedeza tayala ndi manja asanayatse kompyuta. Kuchita alainimenti pamabushi otha n'kutaya ndalama, poti muyeso umasokonekera pa hampu yoyamba. Galaja yabwino imapereka pepala losonyeza ngodya zonse, za poyamba ndi za pomaliza, kutsogolo ndi kumbuyo komwe, chifukwa ekiselo ya kumbuyo ikakhota imakankhira galimoto yonse chambali.

Pali kukoka kwina kumene kumabwera munthu akaponda moto mwamphamvu, makamaka pagalimoto yoyendera matayala akutsogolo, pamene ma shaft awiri ndi osiyana kutalika. Kukakhala kochepa ndi chibadwa chake. Kukakula, mabushi ndi zomangira injini ziyang'anidwe.

Chotsalira ndi chimene mwini galimoto safuna n'komwe kuchiganizira. Mpweya uli bwino, matayala ndi atsopano, mabuleki amasula, zitsulo zasinthidwa, koma ikukokabe. Apa pamafunika tepi yoyezera: kuchokera pakati pa tayala lakutsogolo kufika pakati pa lakumbuyo, mbali zonse ziwiri, chiwongolero chili pakati. Miyeso ikasiyana moonekeratu, galimotoyo inachitapo ngozi, kaya wogulitsa galimotoyo analumbira motani, ndipo penti yonyezimira inangobisa bala. Imeneyo ndi ntchito ya owongola mabodi okhala ndi makina okokera chassis, osati a hamala ndi unyolo womangirira kumtengo wa mango. Akamaliza kuwongola, galimoto imabwereranso ku alainimenti kukayezedwa mwatsopano.