Lupanga langa la ku Nathenje

Amuna a msinkhu wanga kuno ku Nkhoma tidaphunzira nkhondo ya ku China titakhala pa benchi, m'tinyumba ta vidiyo totchinga ndi mapulasitiki akuda. Bruce Lee, Jackie Chan, Jet Li. Filimu ikatha tinkatuluka n'kumakathira mateche nthochi za eni ake. Ndiye adokotala atanena kuti BP yakwera, mimba nayo yatsogola, ndiyambe zolimbitsa thupi, zothamanga sindidaziganizire n'komwe. Kuno bambo wa zidzukulu akamathamanga, anthu amayamba ayang'ana chomwe chikumuthamangitsa. Ndidakumbuka Tai Chi Master, filimu ya Jet Li ya 1993, ndipo mwana wa mlongo wanga wotchaja mafoni pa Mitundu adandiikira mavidiyo a tai chi.

Mudalibe wouluka ngakhale mmodzi. Nkhalamba zokhazokha zovala zoyera, zikukweza mkono pang'onopang'ono mpaka phala kuzizira. "Amalume, zenizeni zake n'zimenezi," adatero mnyamatayo. Luso limeneli kwawo n'kumudzi wa Chenjiagou m'chigawo cha Henan, kubanja la a Chen. Mu 1956 boma la China lidakonza mayendedwe 24 osavuta kuti aliyense akwanitse, ndipo mu 2020 UNESCO idalemba tai chi m'kaundula momwe muli Gule Wamkulu wathu. Mfundo yomalizayi, poti ndine wa CCAP, ndidangoisunga mumtima.

Aphunzitsi ake amati uyambe ndi manja okha kwa nthawi yaitali, zida zibwere pambuyo. Ine ndidayamba ndi zida. Pali jian, lupanga lowongoka lakuthwa uku ndi uku, lokhala ndi mphonje kuchigwiriro. Pali dao, lokhota, lakuthwa mbali imodzi. Pali ndodo yaitali, mkondo, komanso chokupizira mphepo, inde chokupizira, chimene amachitambasula ndi phokoso loti mdani adzidzimuke.

Wophunzira amayamba ndi lupanga lamtengo, choncho ndidakwera kabaza kupita kwa kalipentala wina pa Nathenje. Adayang'ana foni kamodzi. "Madala, musadandaule, izi ndiye zathu." Chimene adandipatsa chidali chachitali bwino, koma kumapeto kudali kophwatalala. Mayi a kunyumba adachitembenuza uku ndi uku. "Mthiko wabwino ndithu, abambo. Koma wamwalira ndani?"

Zotsalazo sindidawonongere ndalama. Mphonje ndidasosola pathumba la feteleza. Ndodo ndidasolola mkangala m'chigafa cha fodya. Chokupizira ndi chivundikiro cha ndowa chimene mayi amakolezera mbaula, ndipo lamulo lake n'loti chibwerere madzi a tiyi asanatereke.

Tsono za lupanga zili ndi mwambo wake. Mayendedwe ake alipo 32, ndipo dzanja lopanda lupanga silimangolendewera. Umatambasula zala ziwiri, chamkombaphala ndi chapakati, n'kumaloza kuti thupi lisapendekeke. Eni ake amachita m'mamawa atavala zoyera, ndipo choyera chomwe ndidali nacho ndi shiti ya pabedi. Ndiye taganizani: kusanache, nkhungu ili paphiri la Nkhoma, bambo wamkulu kuseri kwa nyumba, wopanda nsapato, wafunda shiti, wanyamula mthiko wa pamaliro, waima ndi mwendo umodzi, zala ziwiri zikuloza khola la aneba.

Sabata yomweyo mbuzi ya anebawo idafa. Idadya jumbo, mudzi wonse ukudziwa, koma akulu ampingo awiri adafikabe. Tidapatsana moni wautali, wofunsana mpaka za mvula, kenako wamkuluyo adatsokomola. "Abambo, ife tatumidwa. Kukumveka kuti m'mamawa mumatamba."

Ndidatulutsa foni. Adaonera mwakachetechete mpaka batire kutha. Ndidawauza kuti ofufuza adapeza kuti tai chi imathandiza okalamba kuti asamagweigwe, zomwe n'zoona. Wachiwiriyo adafunsa chapansipansi ngati imathandizanso bondo. Chigamulo chidali chakuti ndipitirize, koma dzuwa litatuluka, nditavala buluku, zala zikuloza khola langa lomwe.

Masana ndiye kumakhala oonerera. Adzukulu amakhala pakhonde ndi chimanga chokazinga. Wina adamva kuti ku Amitofo Care Centre ku Blantyre ana amaphunzira kung fu yeniyeni, yodumpha ndi kutembenuzika m'malere, ndipo amayembekeza kuti tsiku lina nanenso ndidumpha. Dzulo nditaima ndi mwendo umodzi, lupanga lili m'mwamba, adandiyandikira. "Agogo, netiweki yavuta?" Pa nthawi yomweyo galu adalowa m'khitchini, adatenga chambo cha ndiwo, adadutsa pansi pa mwendo wanga wokwezawo. Lupanga lidatsika bwinobwino monga mwa malamulo, galuyo atamaliza mutu.

Pano ndili pa mayendedwe achinayi. Ndikadapita patsogolo, koma mbiri ya lupanga langa yafika patali, ndipo mayi akuti munthu sukaniza anzako chiwiya. Loweruka lino lili ku Kamphata, kuli chinkhoswe.